Tsiku Limene Kompyuta Inakana Apongozi Anga

Mwaswera bwanji, abale? Apampando andipatsa mphindi teni, koma mundikhululukire ndikapitirira, chifukwa nkhani iyi yakhala pakhosi panga nthawi yaitali. Ndine Yokoniya Phiri, mwini wa kashopu ka fotokope kuseri kwa msika kuno ku Mfuwe. Ndikuona nkhope ziwiri zitatu zimene zinali pakhomo panga tsiku lija anthu anafuna kundiswera mawindo. Musawerame, munali ndi chifukwa.

Tonse tili muno tili ndi makina pa malo athu a malonda. Ena muli ndi laputopu ku gesiti hausi, ena kompyuta yolembera, ena wayifayi imene mumagawira alendo. Ine ntchito yanga ndi kulembera anthu makalata, kujambula mapepala, ndi kutumiza zofunsira ntchito pa imelo. Munthu amene sangauze mkazi wake kuti amuchotsa ntchito amandiuza ine, chifukwa afuna ndimulembere kalata yodandaula. Anthu amandisiyira reji zawo, ziphaso za umzika zija, masatifiketi, manambala a foni, mbiri ya moyo wawo wonse. Zonsezo ndinkaziunjika mufoda imodzi m'kompyuta, ati kuti akadzabweranso tisavutike. Ndinkaganiza kuti ndimagulitsa inki ndi pepala, pamene anthu ankabwera kwa ine chifukwa ankandikhulupirira, ndipo chimenecho ndi chomwe ndinataya.

Kuti mumvetse kupusa kwanga, dziwani kaye kuti ine si wa kuchigwa kuno ku Malambo. Ndinatsika kuchokera kumtunda, cha ku Katete, ndipo ndinakwatira pano. Ndine mkamwini. Shopu yanga ili pa malo a apongozi anga, nyumba yanga nayonso ili pa malo awo. Apongozi aamunawo ndi mkulu wa mpingo, anali sikauti wolondera nyama asanapume. Zaka zonsezi sindinadyepo nawo mbale imodzi, sindinawayang'anepo m'maso. Akakhala ndi mawu amatuma mkazi wanga, amake Chisomo, ndipo inenso ndimayankhira komweko.

Tsono tsiku lina mu Novembala, dzuwa lija lowotcha mvula isanagwe, ndinangoona atulukira okha pashopu, ali ndi akulu a mpingo ena awiri. Anatulutsa kafulashi komangirira ku chingwe cha makiyi. Munali pulogalamu ya msonkhano wa mpingo, ankafuna makope ambiri. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinakalowetsa m'kompyuta.

Makinawo analira. Masipika anali otsegula chifukwa ndinkamvera nyimbo, ndiye kulirako kunamveka mpaka kwa ogulitsa tomato. Pagalasi panatuluka chofiira. Inali antivayirasi, pulogalamu ija imalondera kompyuta. Mmodzi wa akuluwo, amene anali mphunzitsi kale, anawerama nkuwerenga mokweza, kenaka nkumasulira.

"Ati kali ndi matenda aka."

Mnzake anaseka. Apongozi sanaseke.

"Matenda? Kafulashi kanga?"

Abale, thukuta linanditsika mpaka m'masokosi. Ine mkamwini, ndiuze apongozi pamaso pa anzawo kuti chinthu chawo nchodetsedwa, ndiwabwezere? Pakamwa panga panayankha mutu usanaganize.

"Iyayi atate, palibe vuto. Ndi makinawa, amasokonezeka kukatentha."

Ndinazimitsa antivayirasi ija. Chofiira chinachoka, pulogalamu inatseguka, pulinta inayamba kulavula mapepala. Apongozi anapita okondwa, ine ndinadziona ngati munthu wodziwa ulemu.

Ndikanaiyatsanso madzulo omwewo, mwina sindikanaima pano. Koma ndinaona kuti kompyuta ikuthamanga bwino popanda mlonda uja, bandulo nayo ikukhalitsa. Ndinazimitsanso zija imati ikufuna kudzikonza yokha, maapudeti, poti zinkandidyera bandulo. Ndinatsitsa pulogalamu yokonzera zithunzi pa malo ena aulere pa intaneti. Pasiwedi yanga inali imodzi paliponse, dzina la mwana wanga, ndipo alamu anga onse ankaidziwa chifukwa ndi yomweyo inali ya wayifayi. Mkamwini sakaniza alamu wayifayi, inu mudziwa.

Zizindikiro zinabwera, sindinganame. Aphunzitsi anayamba kudandaula kuti fulashi ikalowa kwanga, mafayilo awo amasowa. Ndinkawauza kuti mafulashi a masiku ano ndi achabechabe. Kompyuta inkalira fani ngakhale sindikuigwiritsa ntchito. Kawiri konse ndinalandira uthenga wakuti munthu wina walowa mu imelo yanga kuchokera pa makina achilendo. Unali wa Chingerezi chachitali, ndinaufufuta. Mtima unkandiuza kuti pali chinachake, koma ndinkaopa kuyang'ana, ngati munthu amene akumva chotupa m'thupi koma safuna kupita kuchipatala.

Inakwana Epulo, nthawi imene makampu a alendo amalemba anthu ntchito nyengo isanatseguke. Shopu inkadzaza kuyambira m'mawa. Ndinalembera anthu ambiri makalata, ndinajambula reji zawo, ndinatumiza zonse kudzera pa imelo yanga.

Mmodzi wa anthuwo anali a Esinati. Mayi wamasiye, ana atatu, ankachapa zovala pa kaloji kena kufupi ndi bwalo la ndege. Malipiro anali ochepa koma anali okhazikika, chaka chonse, mvula kapena dzuwa. Ankafuna ntchito pa kampu ina yaikulu m'mbali mwa Luangwa, ndipo ine ndi amene ndinawatumizira kalata yawo.

Patapita masabata awiri anabwera akumwetulira, foni ili m'manja.

"A Phiri, Mulungu wayankha. Werengani."

Uthengawo unali ndi dzina lawo lonse, nambala ya reji, ngakhale dzina la kaloji kamene ankagwirako. Unkati kalata imene munatumiza kudzera kwa a Phiri yalandiridwa, mwapeza ntchito, tumizani ndalama ya kupimidwa kuchipatala pa nambala iyi, mufike pageti Mande 8 hours ndi katundu wanu.

Nditawerenga ndinadzifunsa mumtima. Kampu iti imauza munthu kuti atumize ndalama pa foni? Ndipo kampu ingatchule bwanji dzina langa? Ndinakumbukira mauthenga aja ndinafufuta.

"Ndalama mwatumiza kale?" ndinafunsa.

"Dzulo. Manje mundilembere kalata yosiya ntchito. Ndifuna ndichoke mwaulemu, abwana aja anandisunga bwino."

Apa ndi pamene ndinagwera, abale, osati tsiku la apongozi lija. Ndikanati, mayi, dikirani, tiyeni tiimbe kaye kukampuko. Mawu ochepa chabe. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera kuti mwina vuto lachokera m'kompyuta yanga, ndipo pabenchi panali anthu ena akudikira, makutu ali tcheru. Ndinadziuza kuti mwina ndi zoona, mwina makampu asintha kachitidwe. Ndinalemba kalata ija, ndinaisindikiza, ndinawaonetsa posayina. Anandithokoza, anandisiyiranso nthochi ziwiri patebulo.

Mande ija pageti la kampu panafika anthu 23, ovala zosita, ena ndi masutikesi. Oyang'anira kampu anatuluka odabwa. Iwo sanatumize uthenga kwa munthu aliyense, ndipo malo anali atadzaza kale. Anthu anayamba kufananitsa mafoni. Uthenga unali umodzimodzi, ndipo dzina limene linali m'mauthenga onse linali langa. Pofika 11 hours onse anali pakhomo pa shopu yanga.

"Wakuba! Obwera awa ndi mmene alili!"

"Watigulitsa! Tulutsa ndalama zathu!"

Apolisi ndi amene ananditulutsa pakati pa anthu. Ndinagona m'selo masiku awiri. Ataona kuti nambala yolandira ndalama sinali yanga, ananditulutsa, koma anati nkhani ikadafufuzidwa. Anandifunsa ngati ndikudziwa mmene akuba anapezera mapepala a anthu. Ndinati sindidziwa. Za antivayirasi sindinatchule, za mauthenga ofufuta sindinatchule.

Nditatuluka sindinathe kuyenda pamsika. Ndinakwera minibasi ya ku Chipata, ndinauza amake Chisomo kuti ndikukagula inki. Ndinakhala kwa msuweni wanga masabata atatu. Ine amene sindinkamwa ndinayamba kachasu, ndipo ndinkayamba m'mawa anzanga akupita kuntchito. Foni ndinazimitsa, chifukwa ndinkaopa amene angandiimbire. Ndikamva kondakitala akukuwa kuti Mfuwe, Mfuwe, ndinkakhota njira, kuopa kukumana ndi wondidziwa. Ndipo ndikaledzera ndinkapeza woti ndimuimbe mlandu. Ndinkati ndi apongozi, ndi kafulashi kawo kaja, ine ndinangowalemekeza. Maganizo amenewo ankandikomera kuposa kachasu weniweniyo.

Tsiku lina masana ndili kuseri kwa nyumba ya msuweni, botolo lili pakati pa mapazi, ndinamva mawu a mkazi wanga akuodira. Nditadzutsa mutu ndinaona sali yekha. Apongozi anali kumbuyo kwake, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, fumbi la ulendo lili pa nsapato. Botolo ndinalikankhira kuseri kwa ndowa, koma anali ataliona kale.

Mkazi wanga anawapatsa atate akewo mpando. Iwo anakhala moyang'ana kumpanda, ine ndinakhala pansi moyang'ana kukhoma, amake Chisomo pakati pathu, monga mwa nthawi zonse. Anayamba kulankhula ndi mwana wawo.

"Uwauze amuna ako kuti pakhomo panga pamabwera mayi m'mawa uliwonse. Amakhala pansi pa mango, salankhula zambiri. Ntchito yake yakale analembapo kale munthu wina. Sanabwere kudzatukwana. Ali ndi funso limodzi chabe, ati reji yanga ili m'manja mwa ndani, ndipo akuchita nayo chiyani. Ine ndilibe yankho. Uwafunse amuna ako ngati ali nalo."

Mkazi wanga anatembenuka kuti abwereze, koma ndinali nditamva. M'maganizo ndinaona a Esinati akusayina kalata ija patebulo panga. Kenaka ndinayamba kulira, munthu wamkulu, mamina ndi misozi, ndipo ndinanena zonse. Za tsiku la fulashi, za chofiira chija, kuti makina sananame koma ndinanama ndine. Za mauthenga amene ndinafufuta. Za kalata yosiya ntchito imene ndinalemba mtima ukundiletsa.

Kenaka ndinamva mpando ukukhwekhwereza. Apongozi anautembenuza nkundiyang'ana, koyamba chikwatirire mwana wawo, ndipo sanadzerenso kwa iye.

"Atate ake Chisomo, ndiyang'aneni. Mukuti munazimitsa chifukwa cha ine?"

"Ndinaopa kukuchititsani manyazi, atate."

"Manyazi? Kafulashi kaja kanayenda m'makompyuta a mipingo isanu kasanafike kwa inu. Ine ndikanadziwa bwanji kuti kadwala? Wodziwa munali inu. Ndikanabwera ndi chifuwa chachikulu, mukanandisiya ndikhosomolere ana anu poti ndine apongozi? Inu simunalemekeze ine. Munadziteteza nokha, ndipo mayi uja ndiye walipira. Manyazi amene munandithawitsa tsiku limodzi, ndawadya masabata atatu pakhomo panga."

Sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanandimenya. Anaimirira nkunena kuti minibasi yomaliza inyamuka 15 hours, ndikasambe.

Pobwerera ndinayambira kupolisi, ndinakakonza mawu anga aja ndi kunena zoona. Kenaka ndinaitana amai Mwale, amene amakonza makompyuta m'makampu, aja amayenda pa njinga yamoto. Anakhala ndi kompyuta yanga tsiku lathunthu, akupukusa mutu. Anapeza tizilombo tambirimbiri, tina tobisa mafayilo, tina tokopera chilichonse chimene ndalemba pa kiyibodi nkutumiza kunja. Ndinawafunsa ngati kamene kanaba pasiwedi kanachokera pa fulashi ya apongozi.

"Sindingalumbire," anatero. "Mwina ndi fulashi, mwina ndi pulogalamu yaulere ija. Chitseko chinali chotsegula miyezi isanu, a Phiri. Mukufuna tidziwe kuti wakuba analowa Lachiwiri kapena Lachinayi kuti zikuthandizeni chiyani?"

Anafufuta zonse, kompyuta inayambira pachiyambi. Anaika mapulogalamu enieni, osati otola. Antivayirasi anaiyatsa, maapudeti anawayatsa, ndipo anandiuza kuti bandulo imene zimadya ndiiwerengere ngati mmene ndimawerengera loko wa pachitseko. Pasiwedi ya imelo tinasinthira pa foni yawo, osati pa kompyuta yodwalayo, chifukwa ukasinthira pomwepo wakuba amaiona yatsopanoyo. Tsopano chilichonse chili ndi pasiwedi yakeyake, yaitali, yopanda dzina la mwana kapena chaka chobadwa, ndipo kuti munthu alowe mu imelo yanga pamafunikanso nambala imene imabwera pa foni yanga. Wayifayi anaigawa pawiri, ina ya ntchito, ina ya alendo. Alamu anga anang'ung'udza sabata imodzi, kenaka anazolowera.

Za mafulashi anandipangira njira imene imathandiza ife amanyazi. Ndinali ndi laputopu yakale imene inkangogona. Imeneyo ndi imene imalandira fulashi iliyonse poyamba, ya mphunzitsi, ya abusa, ya aliyense, ndipo simakhudzana ndi kompyuta ya ntchito. Pakhoma ndinamata pepala lakuti fulashi iliyonse imapimidwa kaye. Lamulo likakhala pakhoma, silisankha nkhope, ndiye palibe amene amadziona wonyozedwa. Mafayilo anga ofunika ndimakopera pa diski ina Loweruka lililonse, ndipo diskiyo imakhala kunyumba, yosalumikiza.

Koma chachikulu chimene anandiphunzitsa nchakuti chinthu chimene sunasunge, wakuba sangakubere. Reji ya munthu ilibe chifukwa chogonera m'kompyuta yanga. Ntchito ikatha ndimafufuta, mu foda ndi mu imelo momwe.

Zimenezo zinali zosavuta, abale. Chovuta chinali kuyenda khomo ndi khomo. Ndinalemba mayina a onse amene mapepala awo anali m'kompyuta ija, osati 23 aja okha, ndipo ndinawayendera pa njinga mmodzimmodzi, mpaka kumidzi ya kutali. Ndinkawauza kuti mapepala anu anabedwa kudzera mwa ine, chifukwa cha kusasamala kwanga. Wina akakuimbirani akudziwa nambala ya reji yanu, musaganize kuti ndiye kuti ndi woona. Kampu yeniyeni siitanitsa ndalama pa foni. Ena anandipatsa madzi akumwa. Bambo wina anandimasulira galu.

Kwa a Esinati ndinapita komaliza, chifukwa ndinkaopa. Ndinawapeza akusankha tomato woti akagulitse. Ndinagwada, ndinanena zonse, mpaka zakuti ndinakayikira uthenga uja koma ndinakhala chete. Anamvetsera osasiya ntchito yawo.

"Ndamva," anatero. "Nanga reji yanga?"

Ndinali nditafunsa kale amai Mwale funso lomwelo, ndiye ndinayankha zimene anandiuza. Chimene chakopedwa sichibwezedwa. Chithunzi cha reji yawo chili kwa anthu amene sitiwadziwa, kaya ku Lusaka, kaya kunja kwa dziko, ndipo atha kuchigwiritsa ntchito mawa kapena patapita zaka. Chimene tingathe ndi kukalembetsa kupolisi kuti chinabedwa, kuti tsiku lina wina akadzapalamula m'dzina lawo pakhale umboni. Tinapita limodzi kukalembetsa. Njira yonse anayenda patsogolo, ine kumbuyo.

Shopu ndinatsegulanso. Miyezi yoyamba ndinkangokhala ndi ntchentche. Pang'onopang'ono aphunzitsi anabwerera, kenaka a mipingo. Mowa ndinasiya tsiku lomwe lija la ku Chipata. Koma mantha sanandisiye, ndipo sindifuna andisiye. Foni ikalira ndi nambala yachilendo ndimaganizabe kuti mwina ndi wina mwa anthu aja, wapezeka ndi mlandu umene sakuudziwa.

Epulo wathayu, ndikusesa pakhomo, ndinaona a Esinati aima ndi envulopu. Chaka chathunthu anali asanapondepo pashopu panga.

"Muli bwanji, a Phiri? Kwina konse kwadzaza anthu. Mundilembere yofunsira ntchito."

Ndinawapatsa mpando, anakana. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yonse, maso pa galasi. Nditasindikiza ndinafunsa ngati nditumize pa imelo.

"Iyayi. Ndikapereka ndekha pamanja. Manje fufutani ndikuona."

Ndinafufuta.

"Ndi umo mumatayira zinyalala. Mwana wanga anandiuza kuti zimakhalabe mmenemo."

Ndinatsegula, ndinafufutanso, ndinawaonetsa kuti mulibe kanthu. Anayang'anitsitsa, analipira, anatenga kalata yawo nkumapita.

Nyengo ya alendo inatseguka, ndipo sanaitanidwe. Mukatuluka muno mudzawaona pamzere wachiwiri wa tomato, mwana wawo wamkulu ali pambali pawo nthawi imene anzake ali m'kalasi. Kompyuta yanga amai Mwale anaikonza tsiku limodzi. Za mayi uja ndafunsa paliponse, ndipo sindinapezebe wokonza.